Ludzu la Mafuta a Galimoto Likukula, Dziko Liyenera Kukonzeka

Palibe munthu wokhala m'dziko muno amene sadziwa maonekedwe a mzere wa magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Mzere wotere udaoneka m'chaka cha 2011, udabweranso m'chaka cha 2022, ndipo m'zaka za 2024 ndi 2025 udafika pokhala chinthu chozolowereka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ngakhalenso m'maboma ang'onoang'ono. Madalaivala adagona m'magalimoto awo usiku wonse kudikira mafuta amene palibe adadziwa tsiku lake lofikira. Anyamata a kabaza adakankha njinga zawo zamoto mitunda italiitali dzuwa likuswa mtengo. Kumudzi nako, kumene kulibe mzere woti munthu auone ndi maso, mavuto adali omwewo: chigayo cha dizilo chidaleka kulira, tomato adaolera m'madengu m'mbali mwa msewu, ndipo wodwala adadikira ambulansi imene idali itaima kaamba kosowa mafuta.

Funso limene anthu amafunsana pa mizere yotereyi ndi lakuti, kodi mafuta apita kuti? Yankho lake liyenera kunenedwa mosapsatira. Mafuta sadathe pa dziko lapansi. Tsiku lililonse maiko onse pamodzi amagwiritsa ntchito migolo yoposa 100 miliyoni, mgolo uliwonse wa malita 159, ndipo oposa theka la mafuta amenewa amathera pa ntchito ya mtengatenga, m'magalimoto, m'malole, m'sitima ndi m'ndege. Sitima zonyamula mafuta sizidaleke kukocheza pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Chimene chimasowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zogulira mafutawo, pamodzi ndi njira yotsika mtengo yowafikitsira kuno. Pamwamba pa ziwirizi pali chachitatu chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndicho kuchuluka kwa mafuta amene dziko limatentha pofuna kusuntha thumba limodzi la chimanga kapena munthu mmodzi kuchoka uku kupita uko. Ludzu la mafuta lipitirirabe kukula chifukwa dziko likukula. Motero ntchito imene ili patsogolo pa mtundu wa Amalawi ndi kukonza mayendedwe a anthu ndi a katundu, kuti lita iliyonse yogulidwa ndi thukuta la mlimi igwire ntchito yaikulu kuposa imene ikugwira lero.

Vuto limeneli si la Malawi yekha. M'maiko olemera, monga a ku Ulaya ndi Japan, kufunika kwa mafuta a galimoto kudaleka kukwera kalekale, popeza mabanja ochuluka ali nayo kale galimoto, chiwerengero cha anthu sichikukula, ndipo injini zatsopano zimamwa pang'ono. Kumene ludzuli likukula ndi kumaiko amene akutukuka kumene, ku Asia, ku Africa ndi ku South America. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2010, maiko amenewa pamodzi adali atawapitirira maiko olemera pa kagwiritsidwe ntchito ka mafuta, ndipo m'chaka cha 2017 dziko la China lidaposa America nkukhala dziko logula mafuta osayenga ochuluka koposa kuchokera kunja. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu woyenda pansi akapeza kandalama amagula njinga yakapalasa; akapezanso amagula yamoto; ndipo mwana wake akayamba ntchito amalakalaka galimoto. Msewu wa phula ukafika kudera kumene kudali kanjira ka ngolo, msika umabadwa, malole amayamba kufika, ndipo anthu amene ankapita ku tauni kamodzi pa chaka amayamba kupitako kamodzi pa mwezi.

Zimenezi zikuonekera poyera m'dziko muno. Kalembera wa chaka cha 1977 adapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, wa chaka cha 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo lero chiwerengerochi chapitirira 20 miliyoni. Mizinda yatambalala kotero kuti wantchito wa ku Lilongwe amagona ku Chinsapo kapena ku Area 25 nkumagwira ntchito ku Kanengo kapena ku City Centre, pamene mnzake wa ku Blantyre amachokera ku Machinjiri, ku Bangwe kapena ku Lunzu m'mawa uliwonse. Magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan amalowa mosalekeza kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Njinga zamoto za kabaza, zimene zaka makumi awiri zapitazo zidali zosowa, tsopano zili pa mphambano iliyonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo zikufika kumidzi kumene minibasi singafike. Zonsezi ndi zizindikiro za moyo umene ukupita patsogolo, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kuti mayi woyembekezera abwerere pa machira kapena kuti mlimi abwerere kosenza fodya pamutu. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Dziko lofuna chitukuko liyenera kuvomereza kuti chitukukocho chimadza ndi ngongole ya mafuta, ndipo liyenera kudziwiratu m'mene lidzailipirire.

Ngongole imeneyi njaikulu ndithu. Malawi sakumba mafuta ndipo alibe fakitale yoyengera mafuta, kotero kuti petulo, dizilo ndi palafini yense amagulidwa kunja ndi madola a ku America. M'zaka za 2024 ndi 2025 dziko linkafuna malita pafupifupi 1 miliyoni a petulo ndi enanso pafupifupi 1 miliyoni a dizilo tsiku lililonse, ndipo ndalama zofunika pogula mafuta a chaka chimodzi zinkafika pafupifupi madola 600 miliyoni. Pofuna kumvetsa kukula kwa ndalama zimenezi, nkoyenera kuziika pambali pa fodya, mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zochuluka koposa. Fodya yense amene adagulitsidwa pa misika ya m'dziko muno m'chaka cha 2024 adabweretsa ndalama zosafika madola 400 miliyoni. Kunena kwina, thukuta lonse la alimi a fodya a ku Kasungu, Dowa, Mchinji, Rumphi ndi Mzimba, kuyambira pa nazale mpaka pa okushoni, silidakwane kulipira mafuta a chaka chimodzi. Tsonotu madola omwewo ndi amene amafunikanso pogula feteleza, mankhwala a m'zipatala, ndi zipangizo za m'mafakitale. Dola imene yathera mu thanki ya galimoto yoyenda ulendo wopanda pake ndi dola imene yachotsedwa pa thumba la feteleza.

Katunduyu amalemera koposa pamene Kwacha yafooka. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 aliwonse, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 aliwonse. Mgolo wa mafuta ngakhale usakwere mtengo kumene ukuchokera, kuno umafuna ma Kwacha ochuluka kuposa kale. Ndipo popeza pafupifupi chinthu chilichonse chogulitsidwa m'sitolo ndi mumsika chidakwerapo lole, mtengo wa dizilo umalowa mu mtengo wa mchere, wa sopo, wa simenti ndi wa ufa. Munthu amene sadakhalepo ndi galimoto pa moyo wake amalipira nawo dizilo nthawi iliyonse akamagula paketi ya shuga.

Mbiri yakhala ikuchenjeza dziko lino mobwerezabwereza. M'mwezi wa October 1973, pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Israel ndi maiko a Egypt ndi Syria, maiko a Aluya okumba mafuta adachepetsa mafuta ogulitsa kunja, ndipo m'miyezi yochepa chabe mtengo wa mgolo udachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. M'chaka cha 1979 kusintha kwa boma ku Iran kudakwezanso mtengowo kuposa kawiri. Maiko osauka osakumba mafuta ndiwo adamva kuwawa koposa, ndipo ambiri a iwo adalowa m'ngongole zimene zidawavutitsa zaka makumi awiri. Kwa Malawi nkhonya yachitatu idadza chifukwa cha nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique. Pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri zolumikiza dziko lino ndi nyanja ya mchere, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidali zitatsekeka, ndipo katundu adayamba kuyenda pa malole kuchokera ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 2,000. Mavuto amenewo ndiwo adachititsa kuti patsegulidwe njira ya kumpoto yodzera ku Karonga ndi Mbeya mpaka ku Dar es Salaam.

Mtendere udabwerera ku Mozambique m'chaka cha 1992, koma chizolowezi chodalira malole sichidachoke. Pamene ndalama zakunja zidasowa m'zaka za 2011 ndi 2012, mizere idabwerera, ndipo kusowa kwa mafuta kudali pakati pa madandaulo amene adatulutsa anthu m'misewu pa zionetsero za pa 20 July 2011, zimene zidatayitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 20. Pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine idabuka mu February 2022, mgolo udakwera kupitirira madola 100, ndipo mizere idabwereranso. Phunziro la zochitika zonsezi ndi limodzi. Dziko lopanda doko lake, logula mafuta ndi ndalama za eni ake, ndi kuwanyamula pa njira yodula koposa, limagwedezeka ndi mphepo iliyonse, kaya yachokera ku Middle East, kaya ku Ulaya, kaya kwa mnansi wapafupi.

Choyamba chofunika kukonza ndi njira imene mafuta amadzera. Mafuta ambiri olowa m'dziko muno amabwera pa malole a mathanki, ndipo lole imodzi imanyamula malita a pakati pa 30,000 ndi 40,000. Izi zikutanthauza kuti pamafunika malole oposa 50 tsiku lililonse kuti dziko lisaime. Lole yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe, kukwera ndi kutsika zitunda monga za ku Chiweta, ndipo ikatsitsa mafutawo imabwerera yopanda kanthu. Ulendo wonsewo imakhala ikumwa dizilo wogulidwa ndi madola, ikutha matayala ogulidwa ndi madola, ndi kukumba msewu wa M1 umene udzakonzedwe ndi phula wogulidwanso ndi madola. Dziko likutentha dizilo pofuna kunyamula dizilo. Anansi opanda madoko adaona zimenezi kale. Zambia ili ndi paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1968 ndipo kuyambira m'chaka cha 2023 imanyamula dizilo woyenga kale. Zimbabwe nayo imalandira mafuta ake ambiri kudzera pa paipi yochokera ku Beira kufika ku Mutare ndi Harare.

Malawi alibe paipi, koma ali ndi njanji. Njanji ya ku Nacala, yodzera ku Nayuchi ndi Liwonde, idatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 njanji idali itafika ku Lilongwe, kenaka nkupitirira ku Mchinji. Gudumu la chitsulo loyenda pa chitsulo silifuna mphamvu yochuluka ngati tayala loyenda pa phula, nchifukwa chake sitima imodzi imakoka mabogi a katundu amene angafune malole makumi angapo, ndipo imamwa dizilo wochepa kwambiri pa tani iliyonse. M'chaka cha 2024 sitima zonyamula mafuta zidafika ku Kanengo kuchokera ku Nacala, ndiponso ku Marka m'boma la Nsanje kuchokera ku Beira, patapita zaka zambiri zimenezi zisakuchitika. Chimenecho chidali chiyambi chabwino, koma sitima yobwera kamodzi nkuombereredwa m'manja siithetsa mzere. Chofunika ndi sitima yobwera sabata iliyonse, chaka chonse, mpaka anthu ataleka kuiona ngati nkhani. Kuti zimenezi zitheke, njanji ya kumwera imene madzi osefukira adaidula ku Chiromo m'chaka cha 1997 iyenera kulumikizidwanso, milatho iyenera kumangidwa molimba poganizira namondwe wa masiku ano, ndipo mafumu ndi anthu okhala m'mbali mwa njanji ayenera kuzindikira kuti wakuba zitsulo za njanji akuba mafuta a ambulansi ya kwawo komwe.

Nyanja ya Malawi nayo ndi msewu umene sufuna phula. Italika makilomita oposa 500, ndipo ili ndi madoko ku Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba. Doko la Chipoka lili m'mbali mwa njanji, kotero kuti katundu wolemera monga feteleza, simenti ndi mafuta angathe kutsika m'sitima ya pamtunda nkukwera ya pamadzi kupita kumpoto popanda kukhudza msewu. Nzomvetsa chisoni kuona malole akupanikizana pa msewu wa m'mbali mwa nyanja pamene nyanjayo ili chete pambali pake.

Chachiwiri ndi mafuta amene dziko lingathe kupanga lokha. Pa nkhani imeneyi Malawi adali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa. M'chaka cha 1982, mavuto a mafuta a zaka za m'ma 1970 akadali m'maganizo mwa anthu, fakitale ya ethanol idatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo m'chaka cha 2004 ina ya kampani ya PressCane idayamba ntchito ku Chikwawa. Ethanol amapangidwa kuchokera ku molasesi, madzi akuda aja otsala popanga shuga, ndipo amasakanizidwa ndi petulo, nthawi zina magawo 10 pa 100, nthawi zina mpaka magawo 20. Lita iliyonse ya ethanol yothiridwa mu petulo ndi lita imene sidagulidwe ndi madola, ndipo ndalama yake imatsalira kwa mlimi wa nzimbe ndi wantchito wa kuno. Dziko la Brazil lidayamba ndondomeko yake ya ethanol m'chaka cha 1975, lidaigwiritsa osaitaya, ndipo kuyambira m'chaka cha 2003 lidayamba kugulitsa magalimoto oyendera petulo, ethanol, kapena zonse ziwiri mosakaniza. Malawi adayamba patangopita zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera pamene Brazil idayamba, koma ntchitoyi sidakule molingana ndi kukula kwa chiwerengero cha magalimoto, makamaka chifukwa molasesi ngochepa.

Ena amada nkhawa kuti kukulitsa minda ya nzimbe kungalande malo a chakudya ndi madzi a anthu a m'chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja. Nkhawa imeneyi njomveka, ndipo siyenera kukankhidwira kumbali. Dziko limene nthawi zina limagula chimanga kunja silingasinthanitse nsima ndi petulo. Koma yankho lake lili pa kayendetsedwe kabwino: nzimbe zilimidwe ndi alimi eni malo m'magulu awo pa mgwirizano woonekera, pa malo amene anthu avomereza mwaufulu, ndi mthirira wosamala madzi. Ethanol sadzalowa m'malo mwa dizilo wa malole, ndipo sadzathetsa vuto lonse, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu ndi mayendedwe a m'mizinda, kumene petulo wochuluka amathera. Aliyense woima m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre kapena pa mlatho wa Lilongwe m'mawa angathe kuwerenga yekha magalimoto amene muli munthu mmodzi yekha, injini ikulira, galimoto isakusuntha. Mafuta otenthedwa pa mpanipani wotere sadanyamule kanthu. Akuluakulu akukumbukira mabasi a kampani ya United Transport amene ankayenda pa nthawi yoikika ndi pa njira zodziwika. Basi yaikulu imodzi imanyamula anthu amene angadzaze maminibasi anayi kapena magalimoto ang'onoang'ono makumi angapo, ndipo mafuta ogwera pa munthu aliyense amakhala ochepa zedi. Mzinda wa Dar es Salaam udatsegula m'chaka cha 2016 njira yapadera ya mabasi akuluakulu, yoti magalimoto ena asalowemo, ndipo wantchito wokwera basi amadutsa mwini galimoto ali chiimire pa mzere. Makhonsolo a mizinda ya m'dziko muno ayenera kuganizira zimenezi tsopano, misewu yatsopano ikamamangidwa, pakuti malo a njira ya basi akadzamangidwapo nyumba ndi masitolo kudzakhala kovuta kuwapezanso. Eni maminibasi asaonedwe ngati adani pa nkhani imeneyi. Iwo ndiwo adziwa njira ndi okwera, ndipo angathe kuthandizidwa kuti agwirizane nkugula mabasi akuluakulu.

Pamodzi ndi mabasi, oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa ayenera kupatsidwa ulemu. Iwowa ndiwo ochuluka m'dziko muno, ndipo satengako dola ngakhale imodzi ku nkhokwe ya dziko. Komabe misewu yambiri imamangidwa ngati kuti iwo kulibe, kotero kuti munthu amakwera minibasi pa mtunda waufupi chifukwa choopa kugundidwa. Kanjira ka oyenda pansi ndi ka njinga m'mbali mwa msewu nkotsika mtengo poyerekeza ndi msewuwo, koma kamapulumutsa miyoyo ndi mafuta omwe.

Chachinayi ndi nkhani yowawa ya mtengo. Boma lililonse limafuna kuteteza anthu ake ku kukwera kwa mitengo, ndipo chilakolako chogwira mtengo wa mafuta kuti usasunthe nchachikulu. Koma mafuta akamagulitsidwa pa mtengo wochepera pa umene adagulidwira, wina amayenera kulipira kusiyanako, ndipo akalephera, oitanitsa mafuta amasowa ndalama zoitanitsira ena. Dziko la Nigeria, limene limakumba mafuta ake, lidathera ndalama zankhaninkhani pa kutsitsa mtengo wa petulo kwa zaka zambiri, petulo wina nkumazembetsedwa kupita kumaiko oyandikana nawo, mpaka ndondomekoyo idathetsedwa mu May 2023. M'dziko muno mtengo wa petulo udakhala pa K2,530 pa lita kuyambira mu November 2023 mpaka mu September 2025, ndipo m'nyengo yomweyo ndi m'mene mizere idatalika, petulo wa m'zigubu nkumagulitsidwa m'makwalala pa mtengo woposa pamenepo kawiri kapena katatu. Mtengo wotsika wolembedwa pa chikwangwani cha pampu youma suthandiza munthu. Amene amapindula nawo ndi wa katangale amene ali ndi zigubu, pamene wa kabaza ndi mwini chigayo cha kumudzi amagula mafuta omwewo modula, nthawi zina osakanizidwa ndi palafini.

Nzoona kuti mtengo ukakwera osauka amalira, pakuti mtengo wa minibasi ndi wa ufa umakwera nawo. Koma mtengo wosinthidwa pang'onopang'ono ndi bungwe la MERA, motsata mtengo wa kunja ndi mphamvu ya Kwacha, ndiponso mofotokozera anthu chifukwa chake, umapweteka pang'ono kusiyana ndi mtengo wogwiridwa zaka ziwiri nkudzalumpha tsiku limodzi. Ngati pali ndalama yothandizira ovutika, ipite kwa ovutikawo mwachindunji, ku ambulansi, ku mabasi a anthu wamba ndi ku ulimi, m'malo mogawidwa mofanana kwa aliyense wofika pa pampu, kumene mwini galimoto yaikulu ndiye amatenga gawo lalikulu.

Pali ena amene akuti magalimoto oyendera magetsi ndiwo adzathetse zonsezi. Dziko la Ethiopia, podalira magetsi a damu lake lalikulu la pa mtsinje wa Blue Nile, lidaletsa m'chaka cha 2024 kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono oyendera petulo ndi dizilo, ndipo ku Kenya ndi ku Rwanda njinga zamoto zoyendera mabatire zayamba kunyamula anthu. Njira imeneyi njoyenera kuitsata, makamaka pa njinga za kabaza ndi mabasi a m'tauni amene amayenda mitunda yaifupi nkubwerera pamalo amodzi madzulo. Koma galimoto ya magetsi imafuna magetsi. Mabanja ambiri m'dziko muno sadalumikizidwebe ku magetsi, ndipo ochuluka a magetsi amene alipo amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mafakitale ndi maofesi adatembenukira ku majenereta omwa dizilo yemweyo. Malo opangira magetsi a dzuwa, monga a mamegawati 60 amene adatsegulidwa ku Salima m'chaka cha 2021, ayenera kuchuluka kaye kuti loto limeneli likhale ndi maziko.

Nkhokwe nazo zili ndi malo ake. Kampani ya boma ya NOCMA ili ndi nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zokwana malita 60 miliyoni, amene pa kagwiritsidwe ntchito ka masiku ano angathe kusunga dziko kwa mwezi umodzi. Mlimi aliyense adziwa kuti nkhokwe imadzazidwa pa nthawi yokolola, ndipo kuti nkhokwe yopanda chimanga ndi nsungwi chabe. Mafuta osungira tsiku la mavuto ayenera kugulidwa pa nyengo ya msika wa fodya, pamene madola alipo, osati kudikira miyezi ya mvula pamene feteleza ndi mafuta zimalimbirana ndalama zochepa zomwezo.

Pomaliza penipeni, mafuta amagulidwa ndi zimene dziko lagulitsa kunja. Njanji, nyanja, ethanol ndi mabasi zingathe kuchepetsa ngongole, koma sizingaifafanize. Malinga ngati dziko likugula kunja katundu wochuluka kuposa amene likugulitsa, mzere udzakhala uli pafupi. Nchifukwa chake mlimi wa soya, mtedza, nandolo, tiyi, makademiya ndi nzimbe ali pakati penipeni pa nkhani ya mafuta, ngakhale iye mwini alibe galimoto. Nchifukwa chakenso wamalonda amene amatulutsa mbewu mozemba pa malire, kapena amene amagulitsa katundu kunja nkusiya madolawo komweko, amalanda dziko mafuta ake monga momwe amachitira wa zigubu uja.

Udindo tsono uli pa aliyense molingana ndi malo ake. Maofesi a Boma ayenera kukhala oyamba kupereka chitsanzo, pochepetsa magalimoto akuluakulu omwa kwambiri, pophatikiza maulendo, ndi posiya misonkhano ya kutali imene ikadatheka kuchitikira pa ofesi pomwepo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kufunsa chaka ndi chaka kuti ndi malita angati amene abwera pa njanji, ndi angati pa msewu, ndipo chifukwa chiyani. Eni makampani ayenera kutumiza katundu wawo wolemera pa sitima pamene sitimayo ilipo. Mwini galimoto ayenera kusamala injini ndi mpweya wa m'matayala, kutengana ndi mnansi wake popita ku ntchito, ndi kukana kugula mafuta a m'zigubu, pakuti wogula ndiye amasunga msikawo. Madzi akatayika saoleka, ndipo dola yotenthedwa pa ulendo wopanda phindu sibwereranso.

Ana amene akubadwa lero adzafuna kuyenda kuposa makolo awo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Adzafuna kupita ku sukulu za kutali, kukagulitsa zokolola ku misika ya kutali, ndi kufika ku chipatala pa nthawi yake. Ngati njanji ikonzedwa, nyanja igwiritsidwa ntchito, nzimbe zilimidwa mwanzeru, mabasi abwerera m'mizinda, ndipo mtengo unenedwa moona, iwo adzayenda maulendo amenewo ndi mafuta amene dziko lingathe kulipira. Ntchito zimenezi zimatenga zaka, ndipo nthawi yabwino yoziyamba ndi pamene mapampu ali ndi mafuta ndipo anthu aiwala za mzere.